Mbatata ya m'Balani ya a Jeremiya

Ku Chisemphere amuna odziwa kulima fodya ndi ambiri, koma wodziwa moto analipo mmodzi yekha, ndipo sankadikira kuti wina amunenere. A Jeremiya Kwenda anaotcha fodya pa esiteti zaka makumi atatu ndi chimodzi. Eni esiteti anasintha katatu, akapitawo anabwera n'kupita, matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Dedza anabereka ana mpaka anawo n'kukwatira, a Jeremiya ali pomwepo pakhomo pa balani, thukuta lili kamukamu.

Kwa amene sanaionepo, balani ndi nyumba yaitali ya njerwa, yopanda mazenera. Moto umasonkhedwa kunja, kutentha n'kumayenda m'mapaipi mkati. Fodya amalowamo wobiriwira, atapachikidwa pa timitengo totchedwa mikangala, ndipo pakatha sabata amatuluka wachikasu, wouma gwa. Ukafulumiza moto tsamba limada, ukauchedwetsa limawola. Anzawo ankadalira kagalasi koyezera kutentha, koma a Jeremiya ankangolowetsa chigongono pakabowo ka chitseko, n'kutsinzina, n'kunena kuti, "Chotsani chikuni chimodzi." Ndipo zinkakhaladi choncho. M'zaka zonsezo sanaonongepo fodya ngakhale ndindi imodzi, kamtolo ka masamba ochepa chabe. Nkhani imeneyi inamveka pamaliro, paukwati, pabawo, ngakhale pamzere wogula feteleza, ndipo kulikonseko woifalitsa anali mwini wake yemweyo.

Esiteti itasiya fodya n'kuyamba soya ndi mtedza, a Jeremiya anabwerera kumudzi ndi njinga, jekete la mvula ndi kagalasi kaja, kamene sankakagwiritsa ntchito koma sakanalola kuti kagwere m'manja mwa mbuli. Kunyumba anapeza kuti moto wa kumeneko uli ndi mwini kale. Akazi awo, a Consolata, anali mayi wamfupi wa mawu okwana mudzi wonse. Ali mtsikana anagwirapo ntchito zaka ziwiri kukhitchini ya alendo ku Lifupa, m'paki ya nyama zakuthengo, kutsuka mbale ndi kusenda anyezi, ndipo zaka ziwirizo zinawakwanira kunyadira moyo wonse. M'khitchini mwawo nkhuku inkatha kulowa n'kutuluka ndi moyo, koma mwamuna ayi. Motero katswiri wa moto anafika pomera imvi asakudziwa pamene pamakhala mchere m'nyumba mwake momwe.

Mu Juni wa chaka chatha a Consolata anadwala chibayo. Anagona masabata atatu kuchipatala cha kuboma, ndipo anabwerako atatha, chitenje chikuwazungulira kawiri. Nthenda inachoka, koma inapita ndi chilakolako chonse cha chakudya. Phala ankalawa kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Mng'ono wawo, a Modester, amene anabwera kuchokera ku Kapelula kudzadwazika, anapha nkhuku, anaphika therere, anasaka mpaka nthochi zakupsa, koma zonse zinkabwerera kukhitchini mmene zinachokera. Anamwino a pachipatala chaching'ono cha pafupi anawakweza pasikelo, anapukusa mutu, n'kunena mosapsatira kuti akabweranso pakatha masabata awiri sikelo itatsika, awatumiza kuboma kuti akagonekedwenso.

"Kumeneko ine sindibwererako," anatero a Consolata atafika kunyumba. "Ndikalowanso muja mudzanditenga ndili m'bokosi."

Ananena motsitsa, ndipo kutsitsako ndiko kunawaopsa a Jeremiya. Anachita mantha, mantha enieni, amene sanawamvepo ngakhale tsiku limene balani ya mnzawo inagwira moto iwo ali pambali pake. Pakhomo panali zii. Masiku anayi anadutsa popanda wowakalipira za matope a m'nsapato kapena za mbuzi yosamangidwa, ndipo anadabwa kupeza kuti mtendere woterowo sukoma n'komwe.

Tsiku lachisanu m'mawa, odwala aja anayankhula ali chiyang'anire kudenga.

"Bambo a Tiyamike, pakamwa panga pakungokumbuka mbatata ija ya ku Lifupa."

"Mbatata yake iti?"

"Yootcha, yopaka uchi. Inkatsekemera, komanso mchere unkamveka, ndi katsabola chapatali. Kunja yofiirira, yonyezimira." Anapuma kaye. "Basi, ndangonena. Angaithe ndani kuno?"

Funso limeneli likanangodutsa pa munthu wina aliyense. Tsoka lake linagwera m'khutu la a Jeremiya, pamodzi ndi mawu oti "yootcha". Anadzuka pampando ngati awaitana kwa bwana.

A Modester anawatsatira panja. "Alamu, tiwafunse akuluwa mmene ankapangira, ine ndiyese."

"Kufunsa chiyani? Moto ndi moto. Mbatata ingakhale ndi nzeru kuposa fodya?"

"Safunsa anadya phula, alamu."

"Phulalo ndikalisefa," anatero a Jeremiya, akutulutsa njinga.

Anapita kwa a Steven, amene amaweta njuchi cha kumpanda wa paki, n'kubwerako ndi botolo la uchi. Kenako anatsikira kudimba kwa akazi awo n'kukumba mizere iwiri ya Kadyaubwerere, mbatata yofiira mkati imene a Consolata ankaisunga ngati mwana. Anaiyala pakhonde n'kuyamba kuisankha monga amasankhira fodya wa ku okushoni: yaitali payokha, yaifupi payokha, ya zipsera kutali. Imene inalephera mayeso inapita kwa mbuzi, ndipo mbuzi sizinadandaule.

Madzulo ake kuseri kwa nyumba kunali kutaima kabalani kofika m'chiuno, komangidwa ndi njerwa zotsala pa bafa, paipi yakale ya mjigo ikudutsa mkati, chidutswa cha lata pamwamba. Mmawa mwake anadula mbatata ija m'litali, yopyapyala ngati masamba, n'kuiboola, n'kuisoka ziwiriziwiri pa timikangala. Anasakaniza uchi, mchere ndi tsabola wa kambuzi, anapaka chidutswa chilichonse mbali zonse, anapachika, anatseka, n'kuyatsa kamoto kakang'ono koti sikangathamangitse ngakhale mphaka.

"Ipsa nthawi yanji?" anafunsa a Modester, manja ali m'chiuno.

"Lero n'lokometsa mtundu. Mawa n'lokhazikitsa mtunduwo. Mkuja n'lomalizitsa."

"Masiku atatu? Mbatata? Alamu, ana amakwirira paphulusa n'kudya asanamalize kukangana."

"N'chifukwa chake amadya makala."

Mbiri siigona. Pofika masana amuna a m'mudzi anali atasiya bawo n'kudzakhala pansi pa mtengo wa mango kuti aone mnzawo akuphika. A Benjamin, mkulu woyendera ndodo amene sanaphonyepo zochitika za pakhomo pa mnzake, ndiwo anafunsa m'malo mwa onse.

"Kodi a Kwenda, chitenje chanu chili kuti? Wophika amamanga chitenje."

"Ine sindikuphika," anayankha a Jeremiya, chigongono chili pakabowo. "Kuphika n'kwa amayi. Ine ndikuotcha. Amene sadziwa kusiyana kwake akhale chete aphunzire."

Tsiku lachiwiri anakweza moto pang'ono, monga lamulo la balani linenera, n'kutsegula timabowo ta pamwamba kuti chinyezi chituluke. Chinyezi chinatulukadi, ndipo chinatuluka ndi fungo la uchi wofunda. Mphepo ya Julaye inalitenga fungolo n'kulipititsa komwe uchiwo unachokera. Poyamba inabwera njuchi imodzi, inazungulira lata, n'kubwerera. A Modester akuti ataiona anadziwiratu kuti yapita kukanena. Dzuwa lisanafike pamutu zinafika zonse, ndi apongozi omwe.

Bwalo la pansi pa mango linabalalika popanda pemphero lotsekera. Wina analowa m'khola la mbuzi n'kudzitsekera. A Benjamin, amene kwa zaka zisanu ankati bondo lawo silipindika, anadumpha mpanda wa udzu, ndipo ndodo yawo inatoledwa mawa lake. A Jeremiya okha ndiwo sanasunthe, chifukwa wootcha fodya sasiya moto, ngakhale kumwamba kugwe. Anadzifunditsa jekete la mvula n'kukhala pomwepo. Njuchi zinawaluma pamlomo, pachikope, ndipo ina yankhanza kuposa zonse inasankha chigongono chenichenicho. Chinatupa ngati papaya, osamvanso kutentha kapena kuzizira. Madzulo amenewo a Modester anaona chinthu chimene antchito a pa esiteti sanachionepo: a Jeremiya akupukuta fumbi pa kagalasi kaja, akuyang'ana uku ndi uku, n'kukalowetsa m'balani mwakachetechete.

Tsiku lachitatu masana anazimitsa moto n'kutsegula. Tinene zoona, mbatata ija inali yokongola. Inali yofiirira mofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira, yonyezimira, yopanda banga ngakhale limodzi. Akanakhala fodya, ogula akanalimbirana.

"Giredi wani," anatero a Jeremiya, mawu akutuluka chammbali chifukwa cha mlomo wotupa.

Anasamba m'manja, anavala jekete la kutchalitchi, anayala zidutswa zisanu ndi chimodzi pambale ya alendo, n'kulowa nazo kuchipinda. A Modester anali pambuyo. A Consolata anadzuka pang'ono, anayang'ana nkhope ya amuna awo, anayang'ana mbale, n'kutola chidutswa chimodzi. Analuma. Mbatata sinagonje. Anasinthira mbali ina ya mano, n'kulumanso. Kenako anaitulutsa, anaiyang'anitsitsa, n'kuigogoda pa mwendo wa bedi. Inalira kuti kho, kho, kho.

"Bambo a Tiyamike, mwaitani mbatatayi?"

"Ndaichotsa madzi onse," anayankha monyadira. "Mulibe ngakhale dontho. Imeneyi ingakhale zaka ziwiri osachita nkhungu."

A Modester analuma nsonga ya mpango wawo.

"Mbatata yake mwaitenga kuti?" anafunsa a Consolata.

"Kudimba kwanu. Mizere iwiri yokha."

"Kadyaubwerere wanga?" Mawu anakwera pang'ono. "Mizere iwiri? Nanga uchi?"

"Watsala wa pansi pa botolo."

"Mayo ine! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kutenga mbatata yanga yambewu n'kuisandutsa matabwa! Ndinati yootcha, sindinati yokhomera denga! Masiku atatu ndikumva utsi, ndimayesa mukuwamba mbewa! Kodi mutu wanuwo munausiya ku esiteti pamodzi ndi mapaipi?"

Mawu amenewa anatuluka pazenera, anadutsa khola, n'kukafika kumjigo. Amayi amene ankatunga madzi anaimitsa mjigo n'kumvetsera, ndipo mmodzi anati, "Tithokoze Mulungu, mayi a Tiyamike ayamba kupeza bwino." A Jeremiya anaima ndi mbale yawo m'manja, manyazi atawagwira mpaka kumapazi. Koma pansi pa manyaziwo munali chimwemwe chimene sanathe kuchibisa, moti mlomo wotupa uja unayamba kumwetulira wokha.

"Mukusekanso? Iwe Modester, ndigwire. Nditulutse panja ndisanafe ndi mtima."

Anawakhazika pampando padzuwa, atafunda bulangete, mbaula ili patsogolo. Sanakhudze mpeni kapena poto. Ntchito yawo inali pakamwa, ndipo manja anali a amuna awo, amene anatumidwa kukalanda mbuzi mbatata zinayi zimene zinali zisanadyedwe.

"Tsukani. Dulani zonenepa, ngati chala chachikulu kawiri, osati timapepala tanuto. Pakani mafuta ophikira. Kamchere pang'ono. Yalani m'poto, zisakwerane. Makala pansi, makala ena pachivundikiro, monga timachitira ndi chigumu. Madziwo musawathamangitse, ndiwo afewetse mkati. Uchi ubwera kumapeto, ukaulowetsa msanga umapserera n'kuwawa. Mwamva?"

"Ndamva."

"Simunamve. Bwerezani."

Katswiri wa moto anabwereza ngati mwana wa sukulu. Mbatata itafewa, anawauza kuti asakanize m'kapu uchi wotsala uja, mchere, madzi a ndimu, kambuzi mmodzi wosinja ndi kachidutswa ka adyo.

"Pakani pa chidutswa chimodzi, mubweretse ndilawe."

Analawa, n'kutafuna, n'kumeza. "Mchere wachepa. Mukuopa chiyani, ndi wa amalume anu?" A Jeremiya anawonjezera, n'kupaka pa chidutswa china. "Tsopano mwanyanya. Kauchi." Chidutswa chachitatu chinasowa ndimu. Chachinayi chinali ndi tsabola wosasinjika bwino. A Modester, amene anaima kumbuyo kwa mpando, ankawerenga ndi zala mobisa, maso ali mwaa ndi misozi. Pa chidutswa chachisanu a Jeremiya anapaka mbatata yonse, anabwezera pamoto kanthawi kochepa mpaka uchi unachita thovu n'kumata, n'kupereka.

A Consolata analuma theka, n'kutsinzina. "Eya. Ndi imeneyi." Anabweza theka linalo m'mbale n'kuikankha. "Basi, mwaidziwa. Mawa simundifunanso. Ndikagone."

A Jeremiya anatsala panja akuyang'ana mbale ija. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuwerenga moto sangalephere kuwerenga mbale. Pamene ankalakwitsa, akazi awo anadya zidutswa zinayi. Atakhoza, anadya theka n'kubwerera kukhoma. Anaganiza zimenezi nthawi yaitali, ndipo yankho limene anapeza silinawakondweretse ngakhale pang'ono.

Vuto linali lakuti dzanja la a Jeremiya likaphunzira chinthu siliiwala. Mmawa mwake, atakagulanso uchi, ankadziwa mchere wake, ndimu wake, ndi nthawi yeniyeni yochotsera makala pachivundikiro. Akanatha kuipanga atatsinzina. Amuna a bawo anali atabwereranso pansi pa mango, a Benjamin atakhala cha kufupi ndi mpanda. Imeneyi inali nthawi yoti dzina la Kwenda liyeretsedwe pamaso pa mudzi wonse. A Jeremiya anatapa mchere woyenera, anauyang'ana, anapumira m'mwamba, n'kutapanso wina wodzaza dzanja.

"Mayi a Tiyamike," anaitana, "tadzalawani, ndikuona ngati china chake chasokonekera."

Tsiku limenelo a Consolata anatuluka okha, atagwira khoma, ndipo kukonza mcherewo kunadya zidutswa zisanu. Tsiku lotsatira a Jeremiya anaiwala ndimu. Linalo anapsereza mbali imodzi, dala, akuyang'ana utsi ukukwera, mtima ukuwawa ngati akuotcha chikalata chawo cha ubatizo. Linalo anathira uchi poyamba penipeni. Kulakwa kulikonse kunkawatulutsa odwala m'nyumba msanga kuposa dzulo lake, mawu ali patsogolo, ndipo tsiku lachinayi anafika pokalipa ali chiimire, akutafuna mbatata ndi dzira limene a Modester anawapatsira m'manja iwo osazindikira.

Koma mudzi sunkaona zimenezo. Mudzi unkaona katswiri wa moto akulephera mbatata tsiku ndi tsiku. Nkhani inafika kumsika, inafika kutchalitchi, inakafika mpaka kwa matenanti akale a pa esiteti.

"Tiuzeni zoona, a Kwenda," anatero a Benjamin tsiku lina, anthu onse akumva. "Fodya uja ankakuotcherani ndani?"

Amuna anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mawu amenewo anawalasa a Jeremiya kuposa njuchi zonse za a Steven. Zaka makumi atatu ndi chimodzi za utsi, za maso ofiira, za kugona pathumba pakhomo pa balani, zinali kupita ndi mphepo chifukwa cha mbatata. Yankho linali pamlomo, lakuthwa bwino. Anayang'ana kukhonde, kumene akazi awo ankanyambita uchi pachala uku akudandaula za adyo, ndipo analimeza.

"Mwina ukalamba, a Benjamin," anatero, n'kuweramira mbaula.

Tsiku la sikelo linafika. Anamwino anayang'ana manambala, anayang'ana m'buku, n'kuwauza a Consolata kuti atsike akwerenso. Sikelo inali itakwera, osati kwambiri, koma itakwera. Za kuboma sizinatchulidwenso. Anangowauza kuti chimene akudyacho asasiye.

Masana a tsiku lomwelo a Jeremiya anayatsa mbaula monga mwa masiku onse. Pansi pa mango panalibe munthu, chifukwa kunali msika. A Modester anali atapita kumjigo. Mbatata itafewa, anasakaniza za m'kapu, n'kutambasula dzanja kuti atape mchere wachiwiri uja.

"Bambo a Tiyamike."

Mawuwo sanali okalipa. A Consolata anali pampando wawo, akusenda ndimu ndi chikhadabo, osayang'ana n'komwe.

"Lero musaononge. Uchi ukudula."

Dzanja linaima m'malere. "Kuononga bwanji?"

"Ndinakuonani kuyambira tsiku la mchere lija. Munthu wolakwitsa zenizeni sayamba wapumira m'mwamba."

A Jeremiya anabweza mchere m'chitini pang'onopang'ono. "Ndiye mwakhala mukudziwa sabata yonseyi? Anthu akundiseka mpaka kumsika, inu mukudziwa? Bwanji osanena?"

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikudikira kuti mulakwitseko kanthu pamaso panga," anatero a Consolata. "Ndikanazisiya bwanji zikukoma?" Kenako anaonjezera motsitsa: "Komanso ndinaona chimene a Benjamin anakuyankhulani, ndi chimene inu simunayankhe. Chimenecho ndicho chinandidyetsa, osati mchere wanuwo."

A Jeremiya anati utsi wa makala wawalowa m'maso, ngakhale makalawo anali atayaka kale osatulutsa utsi. Anapaka mbatata, anaibwezera pamoto, anaichotsa pa nthawi yake yeniyeni. Inatuluka yofewa mkati, yomata kunja, uchi ndi mchere zikumveka mofanana, katsabola kali chapatali. Panalibe wa bawo ngakhale mmodzi woti aone. A Consolata anaika mbale pamiyendo n'kudya yonse, osawasiyirako amuna awo ngakhale kachidutswa.